A Zuze Ankayenda Pambuyo

A Zuze Mbewe tinawaika m'manda Loweruka lapitali ku Mlolo, koma mpaka lero mtima wanga ukukana kuti munthu uja wagona malo amodzi. Sankatha kukhala pansi. Ukawapatsa mpando ankakhala kunsonga kwake, mwendo umodzi uli chikonzekere, maso ali kukhomo. Pa msonkhano wa makolo ankaimirira pazenera, ndipo tisanafike pakati pa zokambirana iwo amakhala atazungulira kale sukulu yonse, n'kubwera ndi nkhani yoti chitseko cha chimbudzi cha atsikana chaguluka. Ine ndine mphunzitsi pa sukulupo, ndipo kwa zaka zambiri ndinali wothandiza wawo pa gulu la masikauti. Kunena zoona, ankanditopetsa kwabasi. Koma chimwalirireni iwo, nanenso ndikungozungulirazungulira m'nyumba ngati ndaiwala chinthu pamoto.

Sanali mphunzitsi ayi. Anali mlimi wa thonje, mmodzi mwa anthu amene anabwera kuno ali achinyamata pothawa nkhondo ku Mozambique, n'kukhazikika, n'kukwatira. Za ulendo umenewo sankakamba. Ukangoyerekeza kuwafunsa, iwo ankayamba kukufunsa chifukwa chake tayala la njinga yako linali lopanda mpweya. Zausikauti anaziphunzira kwa wansembe wina amene anakhalako kuno kale, ndipo sikafu imene anapatsidwa nthawi imeneyo ndi yomweyo imene anafa nayo, itasuluka mpaka osadziwika kuti poyamba inali ya mtundu wanji. M'khosi munkakhalanso wezulo womangirira pa chingwe cha nsapato. M'thumba simunkasowa machesi ndi kabotolo ka madzi, ngakhale popita kutchalitchi kumene kunali pafupi ndi kwawo.

Ana ankawakonda mowaopa. Mwana akamalimbana ndi mfundo ya chingwe, a Zuze ankaima pambali pake, manja atawagwira kumbuyo, ndipo ukayang'ana kumbuyoko unkaona zala zikuphiriphitha, zikufuna kulanda chingwecho. Sankalanda. Ankanena kuti ukamuchitira mwana chinthu chimene akanatha yekha ndiye kuti wamubera. Mwana akamalankhula, sankalola munthu aliyense kumumalizira mawu, ngakhale nkhaniyo ikhale yodziwikiratu. Nyemba zosapsa zimene ana ankaphika kumsasa ankazidya osadandaula, akutafuna ngati ng'ombe, kenako n'kufunsa wophikayo kuti mawa asintha chiyani. Ine m'mimba mwanga munalibe chikhulupiriro chotero, ndinkanyamula mbatata zanga m'chikwama.

Anali ndi lamulo limodzi limene anakangana nalo ndi aliyense. Gulu likamayenda, wotsogolera ayende pambuyo. Patsogolo pakhale mwana wamng'ono kwambiri kapena wotsimphina, chifukwa liwiro la gulu ndi la iyeyo. Tsiku lina kunabwera alendo ochokera ku boma, ndipo a hedi ankafuna kuti masikauti agube mokongola, mnyamata wamtali ali patsogolo ndi mbendera. A Zuze anaika patsogolo kamwana kamene kanali ndi minga kuphazi. Mzere wonse unkayenda ngati ukupita kumanda.

"A Mbewe, alendo atiseka," anatero a hedi, akutuluka thukuta.

"Asiyeni aseke, aphunzitsi. Mano ndi awo."

Sanalankhulane mpaka teremu inatha.

Musaganize kuti ndikuwayeretsa. Anali ndi makani osaneneka. Chaka china mvula yoyamba inatipeza kumsasa, tenti ya anyamata, yosoka ndi matumba a fetereza, inagwa chifukwa anaikhoma mwaulesi. A Zuze anakana kuti tiwathandize. Anaima pamvula pomwepo mpaka anawo anaidzutsa okha, ndipo awiri anabwerera kwawo ndi chifuwa. Amayi awo atabwera kudzakalipa kusukulu, a Zuze anawauza kuti komabe tentiyo siinagwenso. Kupepesa kwawo kunali kumeneko.

Nkhani imene anthu ankanong'onezana pamaliro, ena momutama munthuyo, ena momudzudzula, ndi ya Esinati.

Esinati anali mtsikana wa mbali ya ku Zingalume, wa giredi seveni nthawi imeneyo, wamtali, wachibwibwi choopsa. Kuti atchule dzina lake lokha, anzake amakhala atayamba kale kuseka. M'kope ankalemba bwino, koma m'kalasi ankakhala kukona, mutu uli pansi, kupemphera kuti asalozedwe. Bambo ake, a Mwale, anali atanena kale kuti chaka chikatha mwanayo akhale pakhomo azithandiza kumunda, chifukwa sukulu ndi ya anthu olankhula. Sanali munthu wankhanza. Anangotopa kumva mwana wawo akusekedwa.

A Zuze anapalasa njinga kupita kwa a Mwale kangapo konse, kupempha kuti mwanayo apite nawo kumsasa wa kumapeto kwa sabata ku Zemba. Potsiriza a Mwale anagonja chifukwa chotopa ndi mlendo wosakhala pansi.

"Mutengeni. Koma akabwera ndi kachilonda kapena misozi, zausikauti zathera pomwepo, sukulunso yathera pomwepo. Mwamva, a Mbewe?"

"Ndamva."

Tinanyamuka Lachisanu titaweruka, katundu ali pangolo, ana akuyenda pansi. Titafika pa malo athu a masiku onse, m'mbali mwa dambo, a Zuze anagawa ana m'timagulu, ndipo pofika pa kagulu komaliza anavula wezulo wawo m'khosi n'kumuveka Esinati. Ana onse anangoti kukamwa yasa. Panali mnyamata wina wamkulu, Limbani, wa mawu obesa kale, amene aliyense ankadziwa kuti utsogoleri ndi wake.

"Bambo, nanga atilamula bwanji poti salankhula?" anafunsa Limbani.

"Umufunse mwini wake, ali pomwepa."

Limbani sanafunse. Esinati anangogwira wezuloyo ngati akumuotcha, misozi ili m'maso. Ine ndinawakokera a Zuze pambali n'kuwauza kuti akumuika mwana pa mpeni, komanso kuti misozi ija a Mwale ananena yayamba kale. Anandiyankha kuti a Mwale kulibe kuno.

Loweruka masana panali mwambo wawo wina umene ine sindinkaukonda. Kagulu kalikonse kankapita kokha, popanda munthu wamkulu, kudutsa dambo kukafika pa kaphiri kena n'kubwerera. Chaka chimenecho msasa unachedwa, tinapita udzu utauma gwa, mphepo ikuwomba, nyengo imene anyamata a m'midzi amatentha tchire posaka mbewa.

"A Mbewe, nyengo ino ndi ya moto. Pitani nawo, kapena ndipite ine."

"Ndikapita nawo aziyang'ana ine, madamu. Mukapita inu aziyang'ana inu."

"Nanga chikachitika chinthu?"

"Ali ndi wotsogolera."

Ndinakwiya mpaka ndinakakhala pa ndowa, kuwafulatira. Timagulu tina tinapita n'kubwerako. Ka Esinati kanapita komaliza, kamnyamata kakang'ono kotchedwa Dalitso kali patsogolo, Limbani pakati akukoka miyendo mwadala, Esinati kumapeto. Atangolowa m'tsekera, a Zuze anayamba kuyendayenda. Anakonza chikhomo cha tenti chimene chinalibe vuto. Anasuntha nkhuni kuziika apa, n'kuzibwezanso pomwe zinali. Munthu wonena kuti ana tiwasiye okha anali iyeyo, koma ndiye amene ankavutika kuposa tonse.

Utsi ndinayamba kuwuona ndine. Unatuluka kumunsi kwa dambo, kumene mphepo inkachokera, ndipo posakhalitsa akabawi anayamba kuzungulira pamwamba pake. Ndisanatsegule pakamwa, a Zuze anali atathamanga kale. Njinga anaisiya, chipewa chinagwa m'njira. Ndinauza ana otsala kuti asasunthe, nanenso n'kuthamangira komweko, ndikutukwana munthu wamkulu mumtima mwanga ndi mawu amene sindingawalembe pano. Njira imene ana anadzera inali itasanduka lupsa, nthaka ikutentha kudutsa m'nsapato. A Zuze ankaitana mayina. Kenako sankaitananso mayina, ankangofuula.

Tinamva wezulo chakumanzere.

Tinawapeza pakati pa munda wa mtedza wokumbakumba kale, dothi lokhalokha, mbali zonse kuli bii. Anali ataunjikana pamodzi, akutsokomola, nkhope zakuda ndi mwaye. A Zuze anawazungulira akugwira mutu wa aliyense, n'kuyambiranso kuwagwira. Onse analipo. Esinati anakhala kumphepete, mwendo atautambasula, katumba ali ndi matuza, m'mphepete mwa siketi mutapserera. Wezulo anali akadali kukamwa, ndipo zinatengera kumunyengerera kuti amulavule.

Zimene zinachitika anatiuza ndi Limbani yemwe, mawu obesa aja atathawa. Moto unawadzera kumbuyo. A patsogolo ankayang'ana kaphiri, akuimba, osadziwa kanthu. Esinati yekha, poti anali kumapeto, ndiye anaona tiphulusa tikumugwera pamkono n'kumva udzu ukuthetheka. Anayesa kufuula, mawu anakana. Ndiye analiza wezulo. Atacheuka onse n'kuona malawi, Limbani anakuwa kuti athamangire kuphiri, kumene njira yake inkadutsa m'tsekera wamtali kuposa munthu. Esinati anathamanga n'kukawatsekera kutsogolo, n'kumulizira wezulo Limbani kumaso kwenikweni, akuloza kumbali. Munda wa mtedza uja anali atauona podutsa, chifukwa woyenda pambuyo amakhala ndi mpata woyang'ana uku ndi uku. Mawu amodzi okha ndi amene anatuluka.

"Uko!"

Anawakankha onse kuti atsogole. Patapata ya Dalitso inaduka, mwanayo anagwa, Esinati anabwerera n'kumukoka ndi malaya. Moto unamupeza Esinati ali pafupi kutuluka mu udzu.

Tinamutengera ku kiliniki madzulo omwewo, anamutsuka bala n'kulimanga. M'njira ndinawauza a Zuze zonse zimene zinali kukhosi kwanga, kuti ndinanena ine, kuti makani awo akanapha ana a eni ake. Mpaka lero ndimati ndinkanena zoona. Komanso mpaka lero ndimadziwa kuti akanapita nawo, Esinati akanangoyang'ana nkhope yawo n'kudikira kuuzidwa. Zinthu ziwirizi zimandizunguza mutu, ndipo munthu woti ndikangane naye wapita.

Lamulungu masana tinapita naye kwawo, ali pa kaliyala, a Zuze akukankha njinga. Tinapeza a Mwale akumanga mitolo ya udzu wofolera. Ataona bandeji anasiya luzi m'manja, n'kuimirira pang'onopang'ono.

"Ndinati chiyani ine?"

A Zuze ananjuta pansi, manja atawapinda. Aka kanali koyamba kuwaona atakhazikika osagwedezeka.

"Munanena, a Mwale. Wolakwa ndine. Mwanayu sanalakwe."

"Ndinakupatsani mwana wamiyendo iwiri, mwandibwezera wopsa. Basi. Za sukulu tisakambenso."

Apo Esinati anatsika pa kaliyala, n'kuima ndi mwendo umodzi atagwira chishalo.

"A-a-a-atate..."

"Khala chete, mwana wanga, ndadziwa zimene ukufuna kunena."

"Simunadziwe," anatero a Zuze, akadali pansi pomwepo. "Ngakhale ine sindikudziwa. Timudikire."

A Mwale anawayang'ana ngati awamenya ndi mtolo wa udzu. Koma anadikira. Amayi ake a Esinati anatuluka m'khitchini n'kuima pakhomo. Nkhuku inadutsa pakati pathu ndi anapiye ake. Mtsikana uja analimbana ndi mawu ake ngati akuzula chitsa, ndipo ine ndinachita kudziluma lilime kuti ndisamuthandize.

"O-onse a-anafika. Pa-pa-palibe amene a-anatsala." Anapuma. "Ma-mawa ndi-ndipita kusukulu."

Sanapemphe, anangonena. A Mwale anawerama n'kutola luzi lawo.

"Mupatseni madzi akumwa mwanayu," anauza akazi awo, osayang'ana aliyense.

Lolemba m'mawa ndinaona njinga ikulowa pa sukulu, a Mwale akupalasa, Esinati ali pa kaliyala, mwendo wabandeji uli tasa. Anamutsitsa pakhomo pa kalasi n'kubwerera osapereka moni. A Mwale sanawalankhulenso a Zuze kwa zaka, akakumana pamsika ankayang'ana kumbali.

Komiti ya makolo inaletsa ulendo wa ana okhaokha, ndipo inachita bwino. A Zuze anakangana nawo mpaka mawu anasasa, kenako anamvera mwa njira yawoyawo. Ankawalola ana kunyamuka okha, iwo n'kumawatsatira chapatali, akubisala m'zitsamba. Munthu wamkulu, imvi mbuu, kubisala kuseri kwa kamtengo kosakwana n'komwe kubisa mbuzi! Ana ankawaona bwinobwino, koma ankachita ngati sakuwaona, powasungira ulemu.

Chifukwa chake cha zonsezi ndachimva mochedwa, m'siwa, m'mawa wa tsiku loika maliro. Ndinakhala pafupi ndi akazi awo, anaPhiri, ndipo pofuna kuwasangulutsa ndinati amuna awo akafika kumwamba akakana kulowa mpaka onse atalowa. AnaPhiri sanaseke.

"Kodi sanakuuzeni za Maliya?"

Ndinati sindikumudziwa Maliya.

"Mlongo wawo wamng'ono. Pothawa nkhondo paja, iwo ndiwo ankadziwa njira, poti ankadyetsa ng'ombe m'tchire limenelo. Ndiye anatsogola, amayi awo ndi ana ali m'mbuyo. Anali ndi liwiro, mukuwadziwa. Maliya anali ndi chilonda kuphazi, ankabwera kumapeto. Palibe amene anaona pamene anakhala pansi. Atafika mbali ino ya malire, pocheuka, mwana palibe."

Anakonza mpango wawo kumutu.

"Anabwererako, anabwererakonso. Sanapeze ngakhale kansalu. Ine ndinkayesa mukudziwa, madamu, poti munkayenda nawo zaka zonsezi."

Sindinkadziwa. Zaka zonsezo ndinkayesa ndi makani chabe, ndipo ndinalira m'siwamo kuposa mmene mlendo amayenera kulirira.

Esinati anabwera pa maliro. Tsopano ndi mayi wamkulu, akuphunzira za unamwino ku Chipata, chibwibwi chikadalipo ndithu koma sachitanso nacho manyazi, amangokuyang'ana mpaka atamaliza. Ponyamuka kupita kumanda, masikauti a chaka chino anamupempha kuti anyamule mbendera patsogolo pa bokosi. Anapukusa mutu. Anadikira anthu onse adutse, n'kutsalira ndi agogo ena a ndodo amene aliyense anali atawapitirira. Anafika kumanda adzukulu atayamba kale kutsitsa bokosi. A Mwale nawonso analipo, ataima patali pansi pa mtengo, chipewa chili m'manja.

Dzulo ndinapita kukawaona anaPhiri. Msasa wa chaka chino wayandikira, ana akundifunsa kuti wezulo avala ndani, ndipo ndinkafuna kupempha ngati angatipatse. Wezuloyo ndinamupeza ali pa msomali pafupi ndi chitseko, pamodzi ndi sikafu yosuluka ija. Pansi pake pali nsapato zawo. AnaPhiri akuti chikwatiranireni, amuna awo ankazivulira pomwepo tsiku lililonse, zingwe zomasula kale, zitaloza panja, kuti kukachitika kanthu angopondamo. Akuti posesa amazizungulira.

Ndinakhala pampando umene a Zuze sankaukhalira, ndinamwa madzi, ndinakamba za mvula ndi mtengo wa thonje. Za wezulo sindinatchule. Pobwerera ndinadzera njira yachidule ya m'minda, imene tinkadzera ndi ana popita ku Zemba, ndipo ndinazindikira kuti ndikungocheukacheuka. Kumbuyo kunali njira yokha, fumbi ndi mapesi a chimanga, popanda munthu woona ngati ndatsala.